Mmene mungasankhire dera lokhala mukamasamukira pa boma laling'ono

Kalata ya thiransifa ikangofika, ambirife timathamangira foni. Umaimbira mnzako amene anagwirapo ntchito kumeneko, iye n'kukupatsa nambala ya dobadoba, dobadobayo n'kuyamba kutumiza zithunzi pa WhatsApp: nyumba ya penti yatsopano, matailosi mpaka kubafa, mpanda wa njerwa, geti lachitsulo. "Ikufunidwa ndi anthu ambiri iyi, bwana, mukachedwa ipita." Usanaponde n'komwe pamalopo, watumiza kale lendi ya miyezi itatu.

Ine ndinachitapo zimenezi, ndipo dobadobayo sananame. Nyumba ndinaipeza monga inalili pachithunzi. Ndinalowa mu Okutobala kunja kuli gwa, fumbi lokhalokha. Mu Januwale m'pamene ndinadziwa chifukwa chake makonde a aneba onse anali aatali kufika m'mawondo: tinali m'dambo. Madzi ankabwera usiku kuchokera kumsika atakokolola majumbo, zitsononkho ndi zina zosatchulika, n'kudzaima pakhomo panga. Kuntchito ndinkapita nsapato zili m'manja. Nyumbayo inalibe mlandu. Vuto linali pamene anaimangapo, ndipo zimenezo sizioneka pachithunzi.

Anthu amati pa boma laling'ono ngati Ntcheu, Balaka, Mchinji kapena Nkhotakota palibe chosankha poti ponse m'pafupi. Kuyandikanako kulipodi, koma kamtunda koyenda mphindi 10 kokha kamalekanitsa munthu wotunga madzi pakhomo pake ndi wodzuka 3 koloko usiku kukaika ndowa pamzere. Nyumba ikakhala ndi vuto mumaikonza kapena kuizolowera. Dera simungalikonze.

Choyamba, pitani nokha kaye

Katundu ndi ana atsale. Pezani chipinda pa resiti hausi, kapena pemphani pogona kwa mnzanu wa kuntchito, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Ndalama yake imapweteka, inde, koma ndi yochepa poyerekeza ndi lendi ya miyezi itatu imene eni nyumba sabweza mukasintha maganizo, kuphatikizapo lole yosamukira kachiwiri. Ngati sizitheka kukhalako sabata yathunthu, pitani Lachisanu mukabwereko Lolemba madzulo. M'masiku amenewo muona usiku wa Lachisanu, Loweruka, Lamulungu ndi m'mawa wa tsiku la ntchito, ndipo chilichonse mwa zimenezi chimaonetsa nkhope ina ya dera lomwelo.

Chachiwiri, onani mmene tauniyo yagonera

Maboma ambiri kuno kwathu anamangidwa mofanana. Pali msewu wa phula umene wadutsa pakati, ndipo m'mbali mwake muli msika, depoti, masitolo ndi malo omwera mowa. Chapatali pang'ono pali maofesi a DC, polisi, chipatala, ndi nyumba zakale za boma kapena za Malawi Housing Corporation, zija za mabwalo akuluakulu ndi mitengo ya mango, zimene kuzipeza kwake n'kwa mwayi chifukwa wolowamo satuluka. Kenako mapuloti, kumene anthu akumanga nyumba zatsopano za mipanda. Kuseri kwa zonsezi kuli midzi ya eni nthaka, pansi pa mafumu, kumene lendi ndi yotsika koma mpopi ndi waya wa magetsi sizifika paliponse.

Musaganizenso kuti dzina la boma ndilo likuuzani kumene moyo uli. Wotumizidwa ku Machinga amadzapeza kuti chipatala chachikulu cha bomalo chili ku Liwonde, kumenenso kuli msika waukulu ndi mabasi ambiri. Ku Dowa, maofesi ali pa boma, chapatali ndi msewu wa M1, pamene malonda ambiri ali pa Mponela. Funsani kaye kumene mudzakhale mukugwirira ntchito tsiku ndi tsiku, osati kumene kalata yadindidwira.

Mukadziwa zimenezo, tengani pepala mulembe malo anayi: kuntchito, sukulu ya ana, msika, chipatala. Dera lililonse limene mukuliganizira, yendani wapansi kuchokera kumeneko kupita kuntchito mukuyang'ana nthawi. Musakwere galimoto ya mnzanu, imanamiza mtunda. Ngati m'pofunika kabaza, funsani mtengo, muwerengere ulendo wopita ndi wobwerera kwa masiku 22 a ntchito. Amenewo ndi maulendo 44 pamwezi, munthu mmodzi. Onjezani a mwana wa kusukulu ya mkaka, onjezani a amayi akamapita kumsika kapena kuchigayo. Nthawi zambiri nyumba yotchipa ya kutali imapezeka kuti yaposa ya pafupi ija munkaiona ngati yodula. Kumbukiraninso kuti mvula ikagwa kapena mafuta akasowa, wa kabaza wa njinga yamoto amakweza mtengo osakufunsani.

Chachitatu, madzi

Apa ndichedwapo, chifukwa pa zonse zimene zimasamutsa anthu m'nyumba asanathe chaka, madzi ndiwo amatsogola. Magetsi akathima mumayatsa mbaula n'kugona msanga. Madzi akasowa pakhomo pamaima chilichonse, ndipo amene amavutika kwambiri ndi amayi ndi ana aakazi, pamene wosankha nyumba nthawi zambiri amakhala bambo amene sanasenzepo ndowa.

M'maboma ang'onoang'ono madzi a m'mipopi amachokera ku Northern, Central kapena Southern Region Water Board, malinga ndi chigawo. Koma kukhala ndi mpopi pakhomo sikutanthauza kuti madzi amatuluka. Eni nyumba akakuuzani kuti "madzi alipo", amatanthauza kuti paipi inafika. Tsegulani mpopiwo nokha, masana, ndipo mubwerenso kudzautsegula m'mawa cha m'ma 6 pamene aliyense akutunga. Madera okwera ndi a kumapeto kwa paipi ndiwo amayamba kuuma, ndipo nthawi yoyesera zoona ndi Okutobala ndi Novembala, mvula isanagwe. Ngati mwafika mu Meyi, pamene paliponse madzi ali mbwee, simungadziwe pongoona. Muyenera kufunsa.

Wofunsa wake si landilodi, si dobadoba. Pitani pa kiyosiki kapena pamjigo, mupereke moni mwaulemu kwa amayi amene mwawapeza. "Zikomo amayi, mwaswera bwanji? Ndine mlendo kuno, ndikufuna nyumba chakumtundaku. Madzi kuno amatuluka bwanji nthawi yotentha?" Akaseka kaye asanayankhe, mwamva kale. Akati "amabwera ndithu, koma usiku", dziwani kuti kumeneko kugona tulo tofa nato ndiye kuti kwacha opanda madzi osamba. Safunsa anadya phula.

Maso anunso agwire ntchito. Pakhomo pamene pali madiramu awiri atatu, zigubu zachikasu zija za mafuta ophikira zitandandalikidwa m'khonde, ndi mabeseni oyang'ana kumwamba pansi pa mpopi wouma, pakukuuzani zonse. Mzere wa ndowa zopanda eni pa kiyosiki yotseka, iliyonse itaikidwa kamwala kosungira malo, nawonso ndi umboni. Mukaona anyamata akupalasa njinga zomangirira zigubu zinayi zinayi kulowera dera linalake, ndiye kuti kumeneko madzi ndi malonda, ndipo ogula ake mudzakhala inu.

Funsaninso kuti mpopi ukauma anthu amathawira kuti. Anthu a ku Balaka amakumbukira 2018, pamene damu la Mpira ku Ntcheu, limene linkawapatsa madzi, linauma. Amene anapumako pang'ono ndi amene anali pafupi ndi mjigo. Choncho dera labwino ndi la njira ziwiri: mpopi, ndi mjigo wofikirika wapansi. Madzi a mjigowo alaweni. M'madera ena a m'chigwa cha Shire mijigo imatulutsa madzi amchere, osamweka, ndipo sopo sachita thovu.

Chitsime cha pakhomo chimakopa, poti n'chaulere. Imani pachitsimepo muyang'ane kumene kuli zimbudzi, chanu ndi cha aneba. A zaumoyo amalangiza kuti chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwake. M'mapuloti othithikana zimenezi sizitheka kawirikawiri. Kolera imene inayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mpaka 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo inavuta kwambiri kumene madzi akumwa ndi zimbudzi zinayandikana. Madzi a chitsime choterocho achapireni, osamwa.

Ngati mpopi ndi wogawana, funsani kuti bilu amagawana bwanji: pa nyumba kapena pa mutu wa munthu? Banja la anthu awiri likamalipira mofanana ndi banja la anthu 9 lochapa matewera tsiku lililonse, mkangano suchedwa.

Chachinayi, werengani nthaka ngati mvula yagwa kale

Ambiri timasamuka m'chilimwe, nthawi imene dambo ndi mtunda zimaoneka chimodzimodzi. Koma mvula imasiya zizindikiro zake, ndipo zimakhalapo chaka chonse kwa wodziwa kuyang'ana.

Zungulirani kuseri kwa nyumba, kumene sapaka penti. Yang'anani m'munsi mwa khoma: mzere wa matope wowongoka ngati wojambula ndi lula, kapena simenti yofufuma n'kumayoyoka, zikukuuzani pamene madzi anafika. Penti yatsopano yopaka m'munsi mokha, kumtunda kuli yakale, ikubisa kanthu. Matumba a mchenga ong'ambika pakhomo, kakhoma ka njerwa ziwiri kotchinga pachitseko kamene mumachita kulumpha polowa, bango, gumbwa kapena madimba a masamba obiriwira mu Okutobala pafupi ndi nyumba, zonsezi zikunena chinthu chimodzi. Dothi lakuda long'ambika ming'alu, lija timati makande, limaterera ngati sopo m'dzinja ndipo limang'amba makoma. Chimbudzi cha pamalo otere chimadzaza madzi mpaka kukamwa, mwinanso kutitimira.

Tsatiraninso njira yanu yonse ya kuntchito ndi ya ana kusukulu. Pali kamtsinje kouma kamene mukudutsa osakaona n'komwe? Funsani ngati pali mlatho, ndipo ngati kakadzaza anthu amazungulira kuti. Mwana wa Sitandade 1 sangawoloke pamene munthu wamkulu amachita kukwinya buluku.

Ku Chikwawa ndi ku Nsanje nkhani imeneyi si ya matope chabe. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023 anaonetsa kumene madzi amafika, ndipo anthu akumeneko angakulozereni ndi chala kuti anafika pamtengo uti. Afunseni, musachite manyazi. Ku Karonga funsani za mtsinje wa North Rukuru, muyang'anenso ming'alu m'makoma a nyumba zakale, poti kumeneko kunachita zivomerezi mu Disembala 2009. Kuthawira kuphiri nakonso si chitetezo chokwanira. Freddy anagwetsa miyala ndi matope kuchokera m'phiri la Soche kupita ku Chilobwe, ndipo zofananazo zinachitika ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Nyumba ya m'tsinde mwa phiri lopanda mitengo, makamaka yoyang'anizana ndi khwawa, ine sindingalowemo ngakhale atandichotsera theka la lendi.

Nyengo nayo imasintha chimene muyenera kufuna. Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julaye nyumba ya pamtetete yopanda siling'i imakhala ngati filiji. Ku Thyolo ndi Mulanje chiperoni chimanyowetsa makoma, zovala n'kuchita nkhungu m'chipinda chosafika dzuwa. Ku Balaka, Liwonde, Salima ndi Mangochi vuto ndi lina: funani dera la mitengo, nyumba ya mawindo oyang'anizana kuti mpweya uzidutsa. Malata opanda siling'i mu Okutobala amakuphikani muli moyo. Pafupi ndi Shire kapena madambo a mpunga, udzudzu ndi wa chaka chonse.

Chachisanu, magetsi ndi netiweki

Mita ya mayunitsi yanuyanu ndiyo yabwino. Yogawana imadanitsa anthu: wina ali ndi hotipuleti ndi ayironi, wina babu limodzi ndi foni, koma mayunitsi akatha onse ali mumdima akulozana zala. Pitani cha m'ma 7 madzulo muone mababu a m'deralo. Akamayaka mofiira ngati nyali ya koloboyi, ndiye kuti thiransifoma yalemedwa, ndipo filiji yanu sikhalitsa. Funsani wa golosale wogulitsa zoziziritsa kukhosi kuti thiransifoma ikapsa imatenga nthawi yaitali bwanji kuti ikonzedwe. Iye amadziwa, poti malonda ake amafa nayo. Foni yanu iyeseni muli m'chipinda chogona, chitseko chotseka, pa Airtel ndi pa TNM pomwe. M'matauni a m'mapiri muli nyumba zimene munthu amachita kukwera pachulu kuti atumize uthenga.

Chachisanu ndi chimodzi, pitaniko usiku, pitanikonso tsiku la msika

Dera limene masana lili zii, madzulo limatha kusanduka china. Kanyumba kotseka kamene munakadutsa 10 koloko m'mawa kamatsegula 6 koloko madzulo n'kutulutsa masipika aatali ngati munthu. Yendani mozungulira nyumbayo mamita 200 mbali zonse, muwerenge mabala, mashabini, vidiyo sho, chigayo, owotcherera zitsulo, ndi matchalitchi a mapemphero a usiku wonse. Sindikunyoza chilichonse mwa zimenezi, aliyense akufuna kudya ndipo aliyense akufuna kupemphera. Koma namwino wogwira ntchito usiku amene ayenera kugona masana sangakhale moyandikana ndi chigayo, ndipo mwana wokonzekera mayeso a Fomu 4 sangawerenge kuseri kwa bala. Pafupi ndi mzikiti mudzamva kuitana kwa mapemphero kusanache. Ena zimawathandiza kudzuka, ena ayi. Dziwani mbali yanu musanalowe.

Matauni a m'malire ndi a pamphambano, monga Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Zalewa, kumagona malole. Kumene amaima kumakhala malonda usiku wonse, abwino ndi oipa omwe. Wokhala ndi ana achisodzera atalikireko pang'ono. M'madera a fodya monga Kasungu, Mponela ndi Mchinji, tauni imasintha misika ya fodya ikatsegulidwa cha mu Epulo: ndalama zimachuluka, mowa umachuluka, akuba nawonso amachuluka. Mukafika mu Febuluwale, nthawi ya njala, mudzaona tauni yofatsa imene si yeniyeni.

Za chitetezo, anthu odziwa kwambiri ndi a kabaza. Pitani pa siteji yawo cha m'ma 8 usiku mutchule dera limene mukufunalo. Akakwera njinga osafunsa zambiri, kumeneko n'kwabwino. Akayang'anana, wina n'kunena kuti "kumene kuja usiku uno ayi, bwana, pokhapokha muwonjezere", musafunsenso wina. Onaninso zazing'ono: kodi anthu amasiya zovala pachingwe akamapita kumsika? Mbuzi ndi nkhuku zimagona m'khola panja kapena m'nyumba ndi eni ake? Pali achitetezo a m'dera oyendera usiku, ndipo nyumba iliyonse imasonkha zingati pamwezi? Mpanda wautali wa magalasi osweka pamwamba umaoneka wotetezeka, koma mukakuwa muli m'katimo palibe amene amakuonani. Nyumba yomalizira, yoyang'anizana ndi minda ya chimanga, imakhala bwino m'chilimwe. Chimanga chikakula mu Febuluwale ndi Malichi, wakuba amabisala pakhomo panu penipeni.

Tsiku la msika lili ndi zake. Msewu umene dzulo unali wopanda anthu umadzaza kaunjika, matumba a mbatata ndi ngolo mpaka pageti, ndipo kumene kulibe zimbudzi zokwanira, mpanda wanu ndiwo umathandiza anthu. Kukhala mphindi 10 kuchokera pamsika n'kwabwino kuposa kukhala m'kamwa mwake.

Chachisanu ndi chiwiri, anthu ake

Mumzinda munthu amatha kukhala zaka zitatu osadziwa dzina la neba. Pa boma sizitheka. Amene mukhale nawo pafupi ndi omwewo mudzakumane nawo kutchalitchi, kuchipatala, ku banki m'khonde, ndipo ndi omwewo adzakunyamuleni usiku mwana akatentha thupi, achibale anu ali makilomita 300 kutali. Choncho posankha dera mukusankhanso anthu odzakhala abale anu kwa zaka zingapo.

Funsani kuti deralo lili pansi pa mfumu iti kapena buloko lida uti, ndipo maliro akachitika anthu amatani. Kumene kuli dongosolo, nyumba iliyonse imasonkha ufa kapena ndalama, wa lendi ndi mwini nyumba chimodzimodzi, amayi amakaphika, abambo amakagona kusiwa. Zimaoneka zolemetsa kwa wobwera, koma dera lopanda zimenezi ndi dera limene zikakugwerani mudzakhala nokha. Ngati mukudziwa kuti ntchito yanu siyikulolani kupezeka pa zonse, madera a ogwira ntchito anzanu obwera amamvetsa msanga kuposa pakati pa mudzi.

Dziwaninso miyambo ya eni dera. Ku Mangochi ndi ku Machinga, kumene Asilamu ndi ambiri, kukazinga nkhumba pa mdadada wogawana khitchini ndi kufuna mlandu dala. M'madera a Achewa monga Dedza, Dowa, Mchinji ndi Kasungu, nyumba ya pafupi ndi manda ingakhale pafupinso ndi dambwe, ndipo njira yachidule yodutsa m'mitengo imeneyo si ya aliyense. Ana anu muwauze asanaphunzire mowawa. Ku Rumphi ndi ku Mzimba mudzamva Chitumbuka, ku Nkhata Bay Chitonga, ku Nsanje Chisena, ku Mangochi Chiyao. Chichewa adzakumvani, koma moni wa m'chinenero chawo umatsegula makomo amene ndalama sizitsegula.

Pali msampha wina umene anthu ogwira ntchito za boma amagweramo: kukhala pafupi kwambiri ndi kuntchito. Namwino wokhala kuseri kwa chipatala amagogoderedwa pakati pa usiku ngakhale ali pa tchuthi. Mphunzitsi wokhala pakati pa makolo a ana ake sangagule botolo limodzi osamveka kwa ahedi mawa lake. Ndipo m'malayini a nyumba za kuntchito, mkangano wa ana pa mpira umafika mu ofesi, mkangano wa mu ofesi n'kufika pa chingwe choyanikira zovala. Ena amakonda moyo umenewo chifukwa cha chitetezo chake ndi kutchipa. Ine ndimasankha kamtunda koti popita kunyumba ndiiwale za kuntchito.

Kukhala puloti imodzi ndi eni nyumba nakonso muganizire kawiri. Ubwino wake, chikawonongeka mumawapeza pomwepo, ndipo pakhomo sipasowa munthu. Kuipa kwake, amawerenga alendo anu, amadziwa tsiku limene mwagula nyama, ndipo akaliona amakumbukira kuti lendi ndi yakale. Funsani funso limodzi kwa aneba, osati kwa eni ake: amene ankakhala muno anakhala nthawi yaitali bwanji, ndipo anachokeranji? Nyumba imene yasintha anthu atatu m'chaka chimodzi ili ndi chifukwa, kaya ndi madzi, kaya akuba, kaya pakamwa pa mayi landilodi. Pa mdadada yang'anani chimbudzi ndi bafa musanayang'ane chipinda. Ukhondo wa pamenepo ukuuzani ngati anthu ake amamvana.

Sukulu ndi chipatala

Pitani pasukulu ya pulayimale ya m'deralo nthawi ya maphunziro, muone kuchuluka kwa ana m'kalasi ndi ngati ena akuphunzirira pansi pa mtengo. Funsani aphunzitsi kuti ana a Sitandade 8 akakhoza amasankhidwira kuti, chifukwa sekondale yoyendera ya m'dera (CDSS) imatenga ana a sukulu zoizungulira. Ngati njira ya kusukulu ikudutsa M1 kapena msewu wina wa malole, mwana wamng'ono adzafunika womuwolotsa tsiku lililonse. Chipatala cha boma n'chaulere, za mishoni za pansi pa CHAM zimalipiritsa. Kwa mayi woyembekezera kapena munthu wodwala mphumu, funso lalikulu ndi loti usiku wa mvula galimoto ingafike pakhomo kapena ayi.

Pomaliza, kulipira ndi kulowa

Mukakhutira ndi dera, m'pamene muyambe kukambirana za nyumba. Onanani ndi mwini wake maso ndi maso, ndipo aneba atsimikize kuti ndi yemweyo. Zimachitika kuti mwana kapena mlamu wa mwini nyumba walandira lendi kwa anthu awiri, onse n'kufika ndi malole tsiku limodzi. Dobadoba mulipireni mutagwira makiyi, osati musanaone nyumba.

Lembani pangano, ngakhale papepala la m'kope: lendi ndi zingati, imalipiridwa tsiku liti, ingakwere pakatha nthawi yaitali bwanji, wofuna kuchoka kapena kuchotsa mnzake apereke notisi ya miyezi ingati, ndipo denga likadontha kapena chimbudzi chikadzaza wokonza ndani. Pakhale mboni mbali zonse ziwiri. Pemphani bilu yomaliza ya madzi muone ngati palibe ngongole ya amene anatuluka, chifukwa odula madzi safunsa kuti anagwiritsa ntchito ndani. Jambulani manambala a pamita, magalasi osweka ndi ming'alu yonse tsiku lolowa. Polipira pa Mpamba kapena Airtel Money sungani uthenga wake, polipira pamanja alembe risiti asayine. Maloko a zitseko zakunja sinthani tsiku lomwelo.

Wina adzakuuzani sabata yoyamba yomwe kuti pali puloti yotchipa, amfumu avomereza kale. Musagule chaka choyamba. Dikirani muone dzinja lathunthu, mudziwe kumene madzi amadutsa ndi mabanja amene akulimbirana malo. Mukadzafuna kugula, yambirani ku ofesi ya za malo ya khonsolo mukafunse ngati malowo ndi a mafumu, a boma kapena a lizi ya munthu, ndiponso ngati sanaikidwe kuti padzadutsa msewu.

Katundu akatsika, tsiku lotsatira pemphani eni nyumba kapena neba wamkulu akuperekezeni kwa amfumu kapena kwa buloko lida. Simupita nokha, ndipo simuyamba ndinu kulankhula. Wokuperekezaniyo ndiye anene: "Gogo chalo, tabwera ndi mlendo wathu uyu, walowa nyumba ija ya pafupi ndi mjigo, amagwira ntchito kuchipatala." Inu mutchule kwanu, mudzi ndi mfumu yanu, ndi anthu amene mwabwera nawo. Funsani pomwepo kuti za maliro ndi za chitetezo amasonkhetsa ndani, dzina lanu lilembedwe m'kaundula, ndipo mutenge nambala ya foni ya wapampando wa achitetezo musanabwerere kukamasula makatoni.